Denga Lalitali la a Mulingo

Dzina loti Mulingo anawapatsa ndi anzawo a pantchito. Ankati munthu uyu thabwa limodzi amaliyeza katatu, kenako n'kukhala pansi kuliyang'ana ngati lamubera kanthu, ndiyeno n'kudzalidula.  Iwo ankangopana pensulo kukhutu n'kupitiriza ntchito. Zaka makumi anayi ndi zitatu anakhala akukhoma madenga a anthu, ndipo palibe denga lawo lomwe linamvekapo kuti lasasuka ndi mphepo. Sankadzitama nazo pakamwa. Koma akamadutsa mumsewu momwe munali nyumba imene anafolera, mwendo unkayamba kulemera, khosi n'kupendekera m'mwamba.

Nyumba yawo anaimanga okha, Loweruka ndi Loweruka, kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Akazi awo ndi amene ankagwira makwerero ndi kuwapatsira misomali. Asanamange ankakhala m'kachipinda kalendi komwe malata ake munthu ankawakhudza ndi dzanja ataimirira. Nyengo yotentha ikafika, mwana wawo wamkazi, yemwe anali wakhanda nthawi imeneyo, ankatuluka nsungu thupi lonse. Choncho pamene a Mulingo anafunsa akazi awo kuti akufuna nyumba yotani, mayiwo sanatchule za mawindo kapena kuchuluka kwa zipinda. Anangoti denga likhale kutali ndi mutu wawo.

A Mulingo anamva. Anakweza denga kuposa nyumba zonse za mumsewuwo, mpaka aneba ankawafunsa ngati akumanga tchalitchi. Pakati pa malata ndi siling'i anasiya malo oti munthu wamkulu n'kuyendamo chilili. Mitanda anasankha yekhayekha yolimba. Siling'i anaipanga ndi timatabwa topyapyala tolowana m'mbali, tonse atatipala ndi manja awo, ndipo msomali sunkaoneka ngakhale umodzi. M'nyumbamo munkazizira bwino, ndipo anakhalamo zaka zambiri osadziwa kuti fani ndi chiyani.

Ukalamba unayambira m'mawondo, kenako m'maso. Anasiya ntchito. Patangopita zaka ziwiri akazi awo anagwa pakhomo la bafa ndi sitiroko, mbali yakumanja n'kufa. Mawu anatsala ochepa, olemera, oti ankawamva ndi amuna awo okha. Mwana wawo uja, yemwe tsopano anali mphunzitsi, anasamukira m'nyumbamo ndi mwamuna wake kuti adzathandize. Mkamwiniyo, munthu wa muofesi, wa tayi ndi mawu ambiri, ananena kuti mapepala a nyumba ndi bwino alembedwe m'dzina la mwanayo zinthu zisanavute. A Mulingo anasayina. Chipinda chachikulu anasiyira anawo, iwo ndi odwala awo n'kupita kuchipinda chakumbuyo.

Chipinda chimenecho chinayang'ana kolowera dzuwa. Kale kunali mitengo iwiri yomwe inkachiphimba, koma neba anaidula n'kumanga nyumba yosanja yokhala ndi khoma loyera, ndipo khomalo linkabweza kutentha konse pawindo lawo. Msewu anautsira phula. Denga lalitali lija linayesetsa, koma masana chipindacho chinkasanduka uvuni. Fani inkangotakasa mpweya wotentha ngati munthu wovundula madzi a m'bafa. A Mulingo ankanyowetsa thaulo n'kumapukuta akazi awo pakhosi ndi m'manja, kuwatembenuza maola awiri alionse, kuwamwetsa madzi ndi sipuni. Dokotala atabwera anapukusa mutu, nati kutentha kotere wodwala ngati ameneyu sangapite nako patali. Pafunika eyakoni, makina oziziritsa mpweya.

Pa mawu amenewo onse anagwirizana. Mkangano unabuka pa mtundu wake.

Mkamwini anabwera ndi timabuku ta zithunzi n'kutiyala patebulo pabalaza. Maeyakoni alipo a mitundu iwiri. Wina ndi wa pakhoma: bokosi limodzi m'chipinda, lina panja, kapaipi kakang'ono n'kudutsa pabowo limodzi. Umaziziritsa chipinda chimodzi chokha, ndipo ntchito yake imatha tsiku lomwelo. Winawo ndi wa m'denga: makina aakulu amabisika pamwamba pa siling'i, mapaipi onenepa ngati ntchafu ya munthu n'kumwazikana kupita kuchipinda chilichonse, mpweya n'kumatsika kudzera m'mabowo oboola m'siling'imo. Mkamwini ankafuna umenewu. Ankati mabokosi a pakhoma ndi onyansa, amaoneka ngati sutikesi yoiwalika pamwamba pa windo, ndipo ngati munthu wayamba kukonza nyumba ayenera kukonza yonse kamodzi. Kodi otentha ndi amayi okha?

A Mulingo anafunsa funso limodzi. Nanga pamene akuboola siling'i, fumbi la zaka zonsezi likutsika, magetsi atazima, wodwala adzakhala kuti?

Mkamwini anali ataliganizira kale. Kutsidya kwa tauni kunali nyumba yosamalira okalamba ndi odwala, yaukhondo, ya anamwino. Masabata awiri okha.

A Mulingo anayang'ana mwana wawo. Iye ankayang'ana makope a ana asukulu omwe anali pamiyendo pake.

Mumsewu wawo womwewo iwo anali ataona anthu awiri akupita ku nyumba zoterozo kwa masabata awiri. Telala wa pakona anapita pamene ana ake ankaika matailosi. Mayi wina wa nyumba yobiriwira anapita pamene mpongozi wake ankachira. Onse anabwerako m'bokosi, patapita zaka. A Mulingo sananene zimenezi. Anangoti bowo limodzi pakhoma n'lokwanira, ndipo angathe kuliboola okha.

Pomaliza anagwirizana kuti aitane katswiri wa maeyakoni, ndipo chimene anganene iyeyo ndicho chichitike.

Anabwera Loweruka masana. Anali bambo wa msinkhu wapakati, wamimba yotsogola, thukuta kamukamu, kathaulo paphewa. Anazungulira nyumba panja, analowa chipinda chilichonse, anapereka moni mwaulemu kwa wodwala n'kusiya chitseko chotsekula monga anachipezera. Kenako anaima pakolido n'kufunsa kuti nyumbayi ili ndi zaka zingati. Atamuuza, anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva kale nkhani yonse. Anati m'nyumba za msinkhu umenewu iye salangiza za m'denga. Aike bokosi limodzi kuchipinda cha amayi, ndipo akafuna, lina pabalaza. Lolemba m'mawa abwera ndi chobowolera, pofika masana amayi adzakhala akupempha bulangeti.

A Mulingo anali ataima pakhomo la khitchini, manja kumbuyo. Anamva mtima ukutsika pang'onopang'ono kubwerera m'malo mwake. Mwana wawo nayenso anapumira m'mwamba.

Mkamwini yekha ndiye sanakhutire. Anafunsa kuti chovuta n'chiyani kwenikweni, poti ku ofesi kwawo mnzake anaika za m'denga ndipo akusangalala.

"Nyumba ya mnzanuyo ndi ya dzulodzuloli, bwana," anatero katswiriyo uku akutseka chikwama. "Izi zakalezi ndimazidziwa ngati m'thumba mwanga. Amisiri a nthawi imeneyo ankaumira matabwa. Bola mvula isalowe, basi. Mukakwera mumapeza denga lagona pa siling'i, mitanda yopindika, chiswe chitadya kale theka. Ngakhale mphaka amayenda chokwawa. Ndikaikamo makina, tsiku lina adzakutsikirani patebulo muli kudya."

Mkamwini anaseka mpaka kugwira khoma. "Mwamva, apongozi? Akuti m'denga mwanumu mphaka amakwawa."

Apo m'pamene katswiri anazindikira kuti nkhalamba yachete ija ndiyo inamanga nyumbayo. Anapepesa, nati sanatanthauze nyumba ino yokha, amanena zambiri zomwe waona. Anapukuta nkhope. Chikwama chinali kale paphewa, phazi limodzi litaloza kukhomo. Pakanangopita mphindi imodzi akanatuluka, ndipo Lolemba akanabwera ndi bokosi lake.

"Kwerani mukaone," anatero a Mulingo.

"Ayi, madala, ndakhulupirira. Komanso mimba iyi ndi makwerero sizimwerana madzi."

"Mwanena kuti mitanda ndi yopindika. Kwerani."

Anapita okha kuseri kukatenga makwerero. Pobwera nawo anadutsa pakhomo la chipinda chakumbuyo, ndipo akazi awo, amene ankamva zonse ali chigonere, anatulutsa mawu. Anali amodzi mwa mawu ochepa omwe anawatsalira.

"Inu."

"Ndikubwera, mayi."

"Inu."

Sanaime. Anaimika makwerero pakolido, pansi pa kachitseko ka m'siling'i, n'kuyamba kukwera. Mawondo omwe ankakana ngakhale masitepe a pakhonde tsiku limenelo anamvera. Katswiri anawatsatira akudandaula, makwerero akulira.

M'dengamo munali mdima wofunda ndi fungo la matabwa akale. Katswiri anayatsa tochi, ali chowerama monga anazolowera. Kenako anawongoka pang'ono. Anawongokanso. Anaimirira chilili, n'kukweza dzanja, osakhudza malata. Analiza kaluzu.

Anayenda pamtanda umodzi mpaka kumapeto, n'kubwerera pa wina. Ankagogoda ndi chala, thabwa n'kumayankha ngati belu. Anawalitsa tochi polumikizira, pomwe mitanda inalowana yokha popanda chitsulo, n'kufunsa kuti zimenezi anaziphunzira kuti. A Mulingo, amene ankatha sabata osalankhula mawu makumi awiri, anayamba kufotokoza. Anamuonetsa momwe anasemera, chifukwa chomwe anapendeketsera apa, mafuta omwe anapaka kuti chiswe chisayandikire. Anamuonetsa manambala a pensulo omwe anali akuonekabe pathabwa lililonse. Katswiriyo anati wakwera madenga mazanamazana, koma lotere sanalionepo, ndipo amisiri a masiku ano akanayenera kubwera kuno kudzagwada. Panali patapita zaka zambiri chiyambire pamene munthu anayang'ana ntchito ya a Mulingo n'kuidziwa. M'maso mwawo munayamba kuyabwa, ndipo anati ndi fumbi.

Kenako katswiri anagwada pakachitseko kaja n'kusuzumira pansi.

"Bwana, ndinakunamizani. Muno mapaipi alowa ngati kuti madalawa anachita kuwayezera. Makina ndingawakhazike pamtanda uliwonse umene ndafuna. Za m'denga zitheka, ndiponso mosavuta."

A Mulingo anali ataika phazi pa sitepe yoyamba kuti atsike. Anaima pomwepo, theka m'denga, theka pakolido. Pansi mkamwini ankawomba m'manja pang'onopang'ono, akuti ankadziwa kuti apongozi ake si mmisiri wamasewera.

Atatsika, a Mulingo anayesa kuwola madzi omwe anali atatayika kale. Anati mawaya a m'dengamo ndi akale, sangapirire makina aakulu. Katswiri anavomereza, nati n'zoona, ndiye kuti asintha mawaya onse, ndipo ntchito italikirako pang'ono. A Mulingo anati siling'iyo ndi ya matabwa olowana, ukadula limodzi ena amamasuka. Katswiri anati adula mosamala. Chilichonse chomwe ankanena chinkangowonjezera masiku. Anasiya.

Madzulo dzuwa lisanalowe anamupeza mwana wawo akuanula zovala kuseri. Anamukumbutsa kuti pangano linali lakuti atsate mawu a katswiri, ndipo mawu ake oyamba anali bokosi la pakhoma. Mwanayo anati mawu oyambawo ananena asanaone, ndipo amene anamukakamiza kuti aone ndi iwo omwe. Anapinda shiti, n'kuipindanso.

"Bambo, zaka zitatu sindinagonepo tulo tokwanira. Masabata awiri okha. Mundilole ndipume masabata awiri."

 A Mulingo anamuthandiza kunyamula dengu.

Atalowa kuchipinda, akazi awo anali atatsinzina, koma sanali m'tulo. A Mulingo anakhala pampando n'kunyowetsa thaulo. Atafuna kuwapukuta pakhosi, mayiwo anakankha dzanja lawo ndi dzanja lomwe linali lamoyo.

Mayiwo anawanyamula Lachitatu pa galimoto ya nyumba yosamalira odwala ija. Katundu wawo anakwana m'chikwama chimodzi.

Masabata awiri anakhala asanu ndi awiri. Amagetsi anachotsa mawaya onse, kenako anadikira zipangizo zina zomwe zinachedwa. Fumbi linatsika monga a Mulingo ananenera, lakuda, lolowa mpaka m'makapu otsekeredwa m'kabati. Anthu a maeyakoni anaboola mabowo asanu ndi atatu m'siling'i, ndipo ankadandaula kuti matabwawo ndi olimba kwambiri, akuwathera macheka. Ankanena moyamikira. A Mulingo ankaima pakona n'kumaonerera tizidutswa tikugwa. Tsiku loyamba anatitola. Tsiku lachiwiri anangotisiya, wosesa n'kutitaya. Mabowo atatha, siling'i inaoneka yamawangamawanga, ndipo mkamwini anati ndi bwino ipakidwe penti yoyera yonse, pamodzi ndi makoma omwe.

Tsiku lililonse ankakwera mabasi awiri kupita kwa akazi awo. Malowo analidi aukhondo. M'chipinda munali mabedi anayi, ndipo anamwino ankawatchula mayiwo kuti agogo a pawindo. Sankamva zomwe ankanena, choncho ankangowayankha kuti inde, inde, agogo. A Mulingo akafika ankamasulira: akufuna pilo atsike, akuti madzi ndi ozizira kwambiri, akuti mwendo wapanikizika. Ndipo tsiku lililonse, asananyamuke, mayiwo ankafunsa funso lomwelo la liwu limodzi, ngati amisiri atha. Iwo ankayankha zoona. Akuika mawaya. Akuboola. Akulumikiza mapaipi.

Tsiku loyatsa makina mkamwini anaitana aneba. Mpweya unatsika mwakachetechete m'zipinda zonse, wozizira ngati wa m'firiji. Katswiri uja anabwera, n'kuuza aliyense kuti ntchitoyi yatheka chifukwa cha madala awa, awomberedwe m'manja. Anawawombera. A Mulingo analowa kuchipinda chakumbuyo. Munali mozizira bwino, mwina kuposa zipinda zonse. Anayala bedi la akazi awo, anaika pilo momwe amamufunira, n'kupita kukafunsa mwana wawo kuti galimoto ibwera liti.

Mwanayo anati adikire fungo la penti lithe. Fungo litatha anati dokotala wa kumeneko wayamba kuwapatsa mankhwala atsopano, ndi bwino awaone kaye kwa mwezi. Mweziwo uli mkati, a Mulingo anabwera kuchokera ku basi n'kupeza tebulo la mkamwini ndi kompyuta yake zili m'chipinda chakumbuyo, pansi penipeni pa bowo la mpweya. Bedi la wodwala linali litapindidwa n'kuimikidwa kuseri kwa chitseko. Mkamwini anati n'zongoyembekezera, pabalaza pamakhala phokoso.

Ulendo uno sanadikire kuti mwana wawo akhale yekha. Anamufunsa pomwepo pakolido, mwamuna wake akumva, ngati mayi ake adzabwerenso m'nyumba muno.

Mwanayo sanazembe. Maso ake anali atayera, nkhope itabwerera ngati ya munthu amene akugona bwino, ndipo a Mulingo anaona zimenezo asanayankhe n'komwe.

"Bambo, inunso mwakula. Mwezi uja amayi asanapite munatsala pang'ono kugwa nawo powatembenuza, ndinakuonani. Kuja kuli anthu anayi owanyamula. Kuno kuli inu, ndi ine ndikaweruka. Mukufuna ndidzapeze nonse awiri pansi?"

"Kunali kutentha kokha. Tinkafuna kuchotsa kutentha."

"Ndikudziwa."

"Bowo limodzi."

"Ndikudziwa, bambo."

Mkamwini anatsegula pakamwa kuti athirepo ndemanga, koma mkazi wake anamuyang'ana, ndipo anatseka.

Masiku ano a Mulingo amagona m'kachipinda kakang'ono koyandikana ndi khitchini. Amavala juzi m'nyumba ngakhale kunja phula likusungunuka, chifukwa mpweya wa m'denga umawalowa m'mawondo, ndipo kachipangizo kochepetsera kamakhala kuchipinda chachikulu. Sadandaula. Akadya m'mawa amavula juziyo pakhonde, n'kuipachika pamsomali, n'kupita kokwerera basi. Madalaivala amawadziwa. Mumsewu sayang'ananso m'mwamba.

Lachisanu lapitali anafika masana, anapeza akazi awo atawakhazika pampando wa matayala pafupi ndi windo. Anawakonzera pilo, anawadula zikhadabo za dzanja lakufalo, zomwe anamwino amaziiwala chifukwa limakhala lofumbata. Anawauza kuti neba wa nyumba yosanja wagula galu, ndiponso kuti mpopi wa kuseri wayambanso kudontha. Mayiwo ankamvetsera. Nthawi yonyamuka itakwana anawagwira mkono wa malaya.

"Atha?"

A Mulingo anayang'ana zikhadabo zomwe zinali m'dzanja mwawo.

"Akupaka penti," anatero.

Anali atanena zomwezo Lachisanu linalo, ndi linzake lija. Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali. Anakhala ndi mmisiri zaka makumi asanu, ndipo ankadziwa masiku omwe penti imatenga kuti iume. Anasiya mkono wa malaya uja, n'kutembenuzira nkhope kuwindo.